Nambala Imene Inagonja pa Bolodi ku New York

M'chaka cha 1644, wansembe wa ku France, Marin Mersenne, anatulutsa mndandanda umene unasowetsa tulo akatswiri a masamu kwa zaka 300. Iye ankasaka manambala osagawika, aja amene ukawagawa ndi nambala ina iliyonse pamakhala chotsala, kupatula 1 ndi eni akewo.

Msampha wake unali wosavuta kutchera: kuchulukitsa ma 2 angapo, kenako n'kuchotsapo 1. Ma 2 atatu amabala 8, ukachotsa 1 patsala 7. Ma 2 asanu amapereka 31. Onsewa ndi osagawika. Koma msamphawu sukola nthawi zonse, poti ma 2 okwana 11 amatulutsa 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Mersenne ananenetsa kuti ma 2 okwana 67 amabala nambala yosagawika. Nambalayo ndi 147,573,952,589,676,412,927. Ndani akanamutsutsa ndi cholembera chokha?

Anayamba kumugwira ndi Édouard Lucas, wa ku France komweko. Mu 1876, Lucas anapeza njira yoyesera nambala popanda kuigawa, ndipo anaonetsa kuti chimphonachi n'chogawika ndithu. Chodabwitsa n'chakuti njirayo imangoulula kuti ogawa alipo, koma siwatchula. Ndi njira yomweyo anatsimikiza kuti ma 2 okwana 127 amapereka nambala yosagawika ya madijiti 39, imene palibe anaipitirira mpaka 1951.

Ogawa obisalawo anawavumbula Frank Nelson Cole, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Columbia. Mu Okutobala 1903, pa msonkhano wa American Mathematical Society ku New York, akuti Cole anapita kutsogolo osalankhula kanthu. Anatenga choko, nachulukitsa ma 2 aja mpaka 67, n'kuchotsa 1. Mbali ina ya bolodi analemba 193,707,721 ndi 761,838,257,287, nayamba kuchulukitsa pang'onopang'ono anthu akuyang'ana. Mayankho awiriwo anafanana ndendende. Anabwerera pampando ali duu, m'chipindamo muli m'manja mokhamokha. Zimasimbidwa kuti ntchitoyi inamudyera masiku a Lamlungu a zaka zitatu.

Pomafika 1947, mndandanda wonse unali utasefedwa. Mersenne anaphonya pa ma 2 okwana 67 ndi 257, ndipo anasiya ma 2 okwana 61, 89 ndi 107.

Kenako ulenjewu unalandidwa ndi makina. Mu 1952, Raphael Robinson anapeza manambala asanu atsopano m'chaka chimodzi pa kompyuta ya SWAC ku Los Angeles. Kuyambira 1996, anthu odzipereka a m'gulu la GIMPS, limene anayambitsa George Woltman, amabwereketsa makompyuta awo kudzera pa intaneti. Mu Okutobala 2024, mmodzi wa iwo, Luke Durant, anakola nambala yochokera ku ma 2 okwana 136,279,841. Ili ndi madijiti 41,024,320, ndipo inakhala ya 52 pa manambala osagawika a Mersenne amene apezeka.