Nibu

Nibu ndi kachitsulo kosongoka kamene kamakhudza pepala pa cholembera cha inki yamadzi. Pakati pake pali mng'alu wopyapyala womwe inki imatsikiramo yokha, choncho wolemba safunika kukanikiza. Nibu zina amazipanga ndi chitsulo, zina ndi golide wa 14K, koma kunsonga kwenikweni amamatako kambulumbulu kolimba kwambiri kuti nibuyo isathe msanga.

Zilembo F, M ndi B za pa nibu zimasonyeza kunenepa kwa mzere, komabe M ya kampani ya Pilot, ya ku Japan, imalemba mowonda kuposa M ya kampani ya Pelikan, ya ku Germany. Ine mtima wanga uli pa nibu yaphwatalala yotchedwa stub: mzere wotsika umanenepa, wopingasa umawonda, ndipo zolemba za tsiku ndi tsiku zimakongola popanda kuvutikira.