YENSE APHUNZITSE MMODZI

Kale anthu ambiri anali kuganiza kuti sukulu ndi ya ana okha, ndi kuti munthu wa imvi sangathe kugwira pensulo. Cifukwa ca maganizo amenewa amuna ndi akazi ambiri anakalamba osadziwa kulemba dzina lao. Kalata ikafika yocokera kwa mwana wao ku migodi, anali kupita nayo kwa mnansi kuti awawerengere, ndipo zinsinsi za banja zinali kumveka m'mudzi monse. Mbiri ya m'buku lino ndi ya anthu ndi mabungwe amene anakana maganizo otere, nasonyeza kuti wamkulu angathe kuphunzira, ndiponso kuti wophunzirayo angathe kuphunzitsa mnzace.

Ciyambi Cace ku Philippines

Frank Laubach anabadwa m'caka ca 1884 ku Pennsylvania, m'dziko la America. M'caka ca 1915 anaoloka nyanja kukagwira nchito ya misyoni ku zisumbu za Philippines. Pakutha pa caka ca 1929 anakakhala pakati pa anthu a mtundu wa Maranao, amene midzi yao iri m'mbali mwa nyanja ya Lanao, pa cisumbu ca Mindanao. Anthuwo ndi Asilamu, ndipo poyamba sanafune kumva mau a mlendoyo. Tsono iye analeka kulankhula, nayamba kumvetsera. Anaphunzira cinenero cao, nakhala pansi pamodzi ndi aphunzitsi a cipembedzo cao, kufikira anayamba kumkhulupirira.

Laubach anaona kuti odziwa kuwerenga anali owerengeka cabe. Cotero anakonza njira ya kulemba cinenero ca Maranao ndi malembo onga amene ali m'buku lino, lembo liri lonse ndi liu lace limodzi. Anajambulanso zithunzi pa mapepala akulu. Wophunzira anali kuona cithunzi ca cinthu cimene acidziwa kale, nachula dzina lace, kenaka naphunzira zidutswa za dzinalo cimodzi cimodzi.

Njirayi imveka bwino poiyesa m'Cinyanja. Munthu akaona cithunzi ca kalulu ndi ca mutu, aphunzira zidutswa zinai: ka, lu, mu, tu. Akazidziwa zimenezi, angathe kuziphatikiza yekha ndi kuwerenga mau ena amene sanaphunzitsidwe, monga luka, muka ndi tuluka. Wamkulu akawerenga mau atsopano tsiku loyamba lomwe, manyazi amcoka, ndipo mawa lace abweranso.

Pamene Ndalama Zinatha

Nchito inakula, ndipo Laubach analemba aphunzitsi olandira malipiro. Koma zaka zimenezo malonda anagwa koopsya ku America, anthu ambiri anacotsedwa nchito, ndipo ndalama zothandiza misyoni zinacepa. Laubach anasonkhanitsa mafumu, nawauza kuti alibenso cakulipira aphunzitsi, ndi kuti maphunziro ayenera kulekeka.

Mfumu ina yaikuru inakana. Inalamula kuti munthu ali yense wodziwa kuwerenga aphunzitse mnzace popanda malipiro, niopseza ndi cilango coopsya ali yense wokana. Laubach anatenga nzeru ya mfumuyo, nasiya ciopsezo cace. Umo ndimo anayambira mau akuti Each One Teach One, ndiko kunena kuti yense aphunzitse mmodzi.

Nzeru imeneyi ifanana ndi mwambo wa kupala moto. Mai amene moto wace wazima apita kwa mnansi ndi phale, natengako khala limodzi. Mwini moto sataya kanthu, koma nyumba ziwiri ziphika. Kuyambira m'caka ca 1935 Laubach anayenda ku India ndi ku maiko ena, kuthandiza eni dziko kukonza mapepala a maphunziro m'zinenero zao. Pofika nthawi ya imfa yace m'caka ca 1970, anali atagwira nchito m'maiko oposa 100, ndipo njira yace inali itayesedwa m'zinenero zoposa 300.

Mabungwe Awiri a ku Syracuse

Munthu mmodzi amwalira, koma bungwe likhalitsa. M'caka ca 1955 Laubach anakhazikitsa bungwe lochedwa ndi dzina lace, Laubach Literacy, limene likulu lace linali mu mzinda wa Syracuse, m'cigawo ca New York. Mwana wace, Robert Laubach, anasamala za kusindikiza. Iye anayambitsa nyuzipepala ya mau apafupi yochedwa News for You, kuti wongophunzira kumene awerenge nkhani za dziko monga anzace.

Mu mzinda womwewo munali mai wina dzina lace Ruth Colvin. Iye anawerenga kuti kalembera wa m'caka ca 1960 anapeza anthu akulu oposa 11,000 mu Syracuse osatha kuwerenga bwino. Anadabwa kwambiri, pakuti anali kuyesa kuti bvuto limeneli liri ku maiko osauka okha. Anaitana amai anzace, nafunsa nzeru kwa akatswiri a maphunziro, ndipo m'caka ca 1962 anayamba bungwe limene pambuyo pace linachedwa Literacy Volunteers of America. Ofesi yace yoyamba inali cipinda ca pansi pa nyumba yace. Aphunzitsi ace anali anthu odzipereka, osalandira kanthu, yense ndi wophunzira mmodzi kapena owerengeka.

M'caka ca 2002 mabungwe awiriwa anaphatikizana, nakhala bungwe limodzi lochedwa ProLiteracy. Mai Colvin anamwalira m'caka ca 2024 ali ndi zaka 107.

Bvuto la Cingerezi

Ku America mabungwewa anapeza ophunzira a mitundu iwiri. Ena anabadwa akulankhula Cingerezi koma sanadziwe kuciwerenga. Ena anali alendo ocokera ku maiko ena, amene anafuna Cingerezi kuti apeze nchito, alankhule ndi dotolo, ndi kumva kalata za Boma. Cotero anakonza mabuku osiyana: oyambawo anayamba ndi malembo, koma alendowo anayamba ndi kumva ndi kulankhula, kulemba kunadza pambuyo.

Cingerezi ndi cobvuta kuwerenga koposa Cinyanja, ndipo cifukwa cace n'cosabisika. M'Cinyanja lembo la a limveka cimodzimodzi pali ponse. M'Cingerezi lembo lomwelo limveka mwina m'mau akuti cat, mwina m'mau akuti car, mwinanso m'mau akuti call. Cifukwa ca ici aphunzitsi ambiri alangiza kuti munthu ayambe kuwerenga cinenero ca amai ace. Akadziwa kuti malembo ndiwo zizindikiro za mau, atsala ndi nchito imodzi yokha pofika pa Cingerezi. Koma woyamba ndi Cingerezi asenza akatundu awiri nthawi imodzi, malembo acilendo ndi mau acilendo.

Njirayo Ifika ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland

M'caka ca 1945 mai wina wa misyoni, Hope Hay, anayesa njira ya Laubach ku Mindolo, pafupi ndi Kitwe, pakati pa anchito a m'migodi ya kopa ndi akazi ao. Amene anaphunzira anaphunzitsa anzao m'komboni, ndipo pobwerera kwao anapita nayo nzeruyo ku midzi. Ku Nyasaland Boma linayesa maphunziro a akulu ku Mponela, m'boma la Dowa, m'caka ca 1947. Nchitoyo sinakhalitse, koma m'caka ca 1949 inayambika nchito yina yotukula midzi ku Domasi, pafupi ndi Zomba.

Posacedwa kunaoneka bvuto lina. Munthu akatha buku loyamba napeza kuti palibe cina cowerenga, aiwala malembo monga khasu losagwira nchito licita dzimbiri. M'caka ca 1948 maboma a maiko awiriwa anakhazikitsa ku Lusaka ofesi ya mabuku, Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau. Ofesiyo inalimbikitsa eni dziko kulemba nthano, mbiri za mitundu ndi malangizo a ulimi ndi umoyo m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi zinenero zina, ndipo mabukuwo anagulitsidwa pa mtengo wocepa.

Maiko awiriwa atalandira ufulu m'caka ca 1964, nachedwa Zambia ndi Malawi, nchito inapitirira. Ku Malawi bungwe losunga ndi kubwereketsa mabuku, National Library Service, linayamba m'caka ca 1968. M'caka ca 1986 Boma linayambitsa nchito ya kuphunzitsa akulu m'dziko lonse, imene anthu aidziwa ndi dzina lakuti sukulu za kwaca. Alangizi ace asankhidwa m'midzi momwemo, ndipo ambiri a ophunzira ndi amai. Tsiku la 8 September, limene bungwe la UNESCO linapatula m'caka ca 1966, maiko akumbukira nchito imeneyi caka ndi caka.

Cimene Mbiriyi Iphunzitsa

Mabungwe apereka mabuku, Boma lipereka alangizi, koma ndalama za mabungwe ndi za maboma zicepa nthawi zina, monga zinacepera ku Lanao. Cimene cinapulumutsa nchito kumeneko ndico kuti ophunzira anasanduka aphunzitsi. Mutu umodzi susenza denga.

Munthu amene wawerenga buku lino kufikira pano ali naco cuma cimene mnansi wace wina alibe. Safunika nyumba ya sukulu kapena setifiketi. Afunika buku loyamba lija, mthunzi wa mtengo, ndi mtima wodekha wosaseka wolakwa. Akapatula kanthawi madzulo atabwera ku munda, miyezi isanapite yambiri mnansiyo adzatsegula yekha kalata ya mwana wace, nadzaiyankha ndi dzanja lace.