Kugonera Nyemba mu Mzinda wa Nkhumba

M'mabanja ambiri a ku Toronto ndi matauni oyandikana nawo monga Mississauga, Brampton ndi Markham, funso lakuti "lero tigonera chiyani?" limayankhidwa sabata isanayambe. Amalemberatu ndandanda n'kuimata pafiriji: Lolemba nyemba, Lachitatu mphodza ndi mpunga, Lachisanu supageti wa matimati. Ena amayesa kuti mwambo wa masiku osadya nyamawu ndi wa dzana, poti kampeni ya Meatless Monday, yolimbikitsa anthu kusala nyama Lolemba lililonse, inayamba mu 2003 ku America motsogozedwa ndi Sid Lerner ndi sukulu ya zaumoyo ya Johns Hopkins. Komatu m'derali masiku osadya nyama ndi akalekale. Anabwera ndi ulimi, nkhondo, mapemphero ndi anthu osamuka.

Eni nthaka anali alimi. Azungu asanafike, kumpoto kwa nyanja ya Ontario kunkakhala mtundu wa Wendat. Pakati pa 2003 ndi 2005, akatswiri ofukula zakale anakumba bwinja la mudzi wawo ku Whitchurch-Stouffville ndipo anapeza zizindikiro za nyumba zitalizitali 98, momwe munkakhala anthu osachepera 1,500 zaka zoposa 400 zapitazo. Chakudya chawo choposa theka chinali chimanga. Amayi ndiwo ankalima. Ankaunda nthumbira n'kubzalapo chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi: nyemba zinkayanga kumapesi ndi kubwezera chonde m'nthaka, masamba a maungu akuphimba pansi kuti chinyezi chisathawe komanso udzu usamere. Mlimi wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akanalowa m'munda wotere akanayesa kuti ali kwawo. Chimangacho ankasinja mumtondo n'kuphika phala lomwe Afalansa ankalitcha sagamité, ndipo nsomba kapena nyama ya kutchire ankaponyamo ikapezeka. Nthaka ikaguga, nkhuni n'kumatolanso kutali, mudzi wonse unkasamuka.

Angerezi anakhazikitsa tauni ya York mu 1793, yomwe inadzakhala mzinda wa Toronto mu 1834, ndipo anabwera ndi nkhuli yawo. William Davies, wochokera ku England, anayamba kugulitsa nyama pamsika wa St. Lawrence m'zaka za m'ma 1850. Pofika cha m'ma 1900, kampani yake inkaposa ina iliyonse mu ufumu wa Britain pa ntchito yopha nkhumba ndi kutumiza nyama kunja, ndipo mzindawu unkadziwika ndi dzina lachipongwe lakuti Hogtown, mudzi wa nkhumba. Makola aakulu a Union Stock Yards anatsegulidwa kumadzulo kwa mzindawu mu 1903 ndipo anagwira ntchito mpaka 1994. M'nyumba za Angerezi, Lamlungu linali la nyama yowotcha, zotsala zake n'kumadyedwa masiku otsatira. Kabichi ndi kaloti zinkangoperekeza.

Amene anayamba kugawa masiku mwalamulo ndi boma, ndipo chifukwa chake chinali nkhondo. Mu 1917, W. J. Hanna, yemwe anapatsidwa udindo woyang'anira chakudya m'dziko la Canada, analetsa malo odyera kugulitsa nyama ya ng'ombe ndi bekoni Lachiwiri ndi Lachisanu, kuti nyamayo ipite kwa asilikali ndi anthu a ku Britain. Amayi a m'nyumba anapemphedwa kusaina makadi olonjeza kuti nawonso asunga chakudya. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse zinafika pothina. Kuyambira mu Meyi 1943, nyama inkagulidwa ndi makuponi, munthu mmodzi kulandira yosakwana kilogalamu imodzi pa sabata, ndipo Lachiwiri malo odyera sankaphika nyama. Miphika inadzaza nyemba, supu wa nsawawa ndi makaroni a tchizi, anthu n'kutsegula timadimba kuseri kwa nyumba. Makuponi a nyama anaimitsidwa mu 1944, anabwereranso mu 1945 pofuna kudyetsa mayiko a ku Ulaya omwe anasakazidwa ndi nkhondo, ndipo anatheratu mu 1947.

Pamene ambiri ankawerenga masiku kuti adzadyenso nyama momasuka, kagulu kena kanasankha kuisiyiratu. Bungwe la Toronto Vegetarian Association, lomwe lero limatchedwa VegTO, linakhazikitsidwa mu 1945. Kwa zaka zambiri linali la anthu ochepa omwe anzawo ankawaona ngati achilendo. Mu 1985 linayambitsa chionetsero cha zakudya zopanda nyama, chomwe chinachitikira kwa nthawi yaitali ku Harbourfront Centre, m'mbali mwa nyanja, n'kukula mpaka kumakoka anthu zikwizikwi chaka ndi chaka.

Koma chomwe chinasinthiratu mphika wa ku Toronto ndi alendo. Nkhondo itatha, Mataliyana anadzaza misewu ya College ndi St. Clair West. Ambiri anali ana a alimi osauka ndiponso Akatolika, omwe mpaka 1966 lamulo la mpingo linkawaletsa nyama Lachisanu lililonse. Supu wawo wa nyemba ndi makaroni, komanso matimati ndi mabiringanya omwe ankalima kuseri kwa nyumba, zinazolowereka mumzinda monse.

Mu 1967 Canada inayamba kusankha obwera poyang'ana maphunziro ndi luso m'malo mwa dziko lomwe munthu wachokera, ndipo chitseko chinatsegukira Asia, Africa ndi zilumba za Caribbean. Mu 1972, Idi Amin atathamangitsa Amwenye ku Uganda, Canada inalandira oposa 6,000. M'chaka chomwecho Gian Naaz anayamba kuonetsa mafilimu a Chimwenye mumsewu wa Gerrard, ndipo posakhalitsa malowo anazunguliridwa ndi masitolo a mphodza, tchana ndi zokometsera ndiwo. Atamili othawa nkhondo ya ku Sri Lanka, yomwe inabuka mu 1983, anakhazikika ku Scarborough, ndipo Ahindu ambiri mwa iwo sakhudza nyama Lachisanu. Ku Mississauga ndi ku Brampton, nyumba zopemphereramo za Asikhi zimaphika chakudya chaulere tsiku lililonse, chopanda nyama, ndipo aliyense wofika amakhala pansi n'kudya, osafunsidwa mtundu kapena mpingo. Ina mwa ndiwo za tsiku ndi tsiku za Amwenye imaphikidwa ndi nandolo wosenda, mbewu yomweyi imene alimi a ku Chiradzulu, Zomba ndi Mulanje amalima n'kumatumizidwa ku India.

Aitiyopiya ndi Aeritreya, omwe malo awo odyera ali ndanda mumsewu wa Danforth, anabwera ndi kalendala yolimba kuposa onse. Akhristu a mpingo wa Orthodox sadya nyama, mazira, mkaka kapena batala Lachitatu ndi Lachisanu, ndiponso kwa masiku 55 Pasaka asanafike. Kusala kwa zaka mazana ambiri kunabala ukatswiri: mphodza zofiira za tsabola, ufa wa tchana wophikidwa mpaka kukhuthala, masamba, kabichi ndi mbatatesi, zonse zoyalidwa pa buledi mmodzi wamkulu wotchedwa injera yemwe banja limadyera pamodzi ndi manja. Anthu a ku Jamaica a mumsewu wa Eglinton West anabweretsa mpunga wophika ndi nyemba kapena nandolo mu mkaka wa kokonati, womwe kwawo ndi wa Lamlungu, masamba a callaloo omwe ndi bonongwe weniweni, komanso kaphikidwe ka Marasita kopewa nyama. Abuda ambiri a Chitchaina amasala nyama pa tsiku loyamba ndi la 15 la mwezi wawo, n'kumadya tofu wa soya.

Kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu 46.6 pa 100 alionse okhala mumzinda wa Toronto anachita kusamukira ku Canada. Ana a mafuko onsewa amaphunzira sukulu imodzi, amalawana zakudya, ndipo akafika kunyumba amapempha zomwe alawa kwa anzawo. Ndandanda za lero ndi zobwerekana chotero: tsiku la ndiwo za Amwenye, tsiku la injera, tsiku la supageti.

Zophikazo sizichokera kutali zonse. Dambo la Holland Marsh, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa mzindawu, linaumitsidwa ndi ngalande m'zaka za m'ma 1920 potsatira maganizo a William Henry Day, ndipo mu 1934 mabanja ochokera ku Netherlands anakhazikikamo. Dothi lake lakuda bii limatulutsa kaloti ndi anyezi wochuluka. Msika waukulu wopikulitsa masamba ndi zipatso wa Ontario Food Terminal unatsegulidwa ku Etobicoke mu 1954. Mphodza zambiri zimachokera kuchigawo cha Saskatchewan, chomwe chachititsa Canada kukhala patsogolo pa mayiko ogulitsa mbewuyi kunja.

Madokotala nawo anaikapo mlomo. Mu 1981, David Jenkins wa pa yunivesite ya Toronto ndi anzake anatulutsa njira yoyezera mmene zakudya zimakwezera shuga m'magazi, ndipo anapeza kuti nyemba ndi mphodza zimamukweza pang'onopang'ono poyerekeza ndi buledi woyera. Mu 2003 gulu lake linaonetsa kuti kudya soya, mtedza wa almond, oats, therere ndi mabiringanya kumatsitsa mafuta oipa m'magazi pafupifupi mofanana ndi mankhwala amene analipo pa nthawiyo.

Kutchuka kwa zakudya zopanda nyama kunabweretsanso mkangano. Mu 2018, amalonda ena atatsegula malo odyera opanda nyama ku Parkdale n'kuyamba kutcha deralo Vegandale, anthu okhala kumeneko, ambiri mwa iwo opeza movutikira, anakana. Ankaopa kuti malendi akwera ndipo iwo athamangitsidwa m'dzina la chakudya chomwe osauka akhala akudya kuyambira kale popanda chikwangwani.

Mu Januwale 2019, boma la Canada linasintha malangizo ake a kadyedwe, omwe anayamba kutuluka mu 1942. Nyama ndi mkaka zinalandidwa magulu awoawo, ndipo anthu analangizidwa kuti azisankha kawirikawiri nyemba, mphodza, soya ndi mtedza. Mbale inagawidwa motere: theka masamba ndi zipatso, chigawo chimodzi mwa zinayi zomanga thupi, chigawo chotsalacho mbewu zosakonola. Banja la Chimalawi lomwe lili ku Scarborough kapena ku Brampton likaphika nsima, nyemba ndi masamba otendera limakhala litatsata malangizowa, kupatula pa zinthu ziwiri: nsimayo iyenera kukhala ya mgaiwa, ndipo masamba ndiwo azichuluka m'mbale kuposa mitanda.