Nkhondo ya Chiwaya: chipolopolo chake choyamba kuno chidalira pa nyanja

M'bandakucha wa pa 13 Ogasiti 1914, sitima yapamadzi yotchedwa Guendolen idafika pa doko la Sphinxhaven, tsidya la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, pamene lero pali Liuli m'dziko la Tanzania. Kaputeni wake, Edmund Rhoades, adatumidwa ndi boma la atsamunda ku Zomba kuti akasake sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ndi kuilemaza. Adaipeza ili pamtunda, ataikweza kuti aikonze. Mfuti ya pa Guendolen idalira kangapo, zipolopolo zina zikuphonya, mpaka china chidalasa. Nkhondo ya tsikulo idathera pomwepo.

Woyendetsa sitima yolasidwayo, Kaputeni Berndt, adali bwenzi la Rhoades. Azungu pa nyanjapo adali ochepa, ndipo awiriwa ankachezerana n'kumamwera limodzi. Nkhani imene yasimbidwa kwambiri imati Berndt adalumphira m'kabwato, n'kupalasa atapsa mtima kukafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Iye sadadziwe kuti pa 4 Ogasiti dziko la Britain lidali litalengeza nkhondo ndi Germany, chifukwa uthengawo udali usanam'fike. Adakwera m'sitima ya mnzake ngati mlendo wodandaula, ndipo adachoka pa dokolo ali mkaidi.

Ku London nyuzi ya The Times idalemba za chigonjetso cha pa Lake Nyasa, dzina la nyanjayi panthawiyo, ndipo mpaka pano ambiri amati iyi ndiyo nkhondo yoyamba yapamadzi imene Britain idapambana pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Pamenepa pamafunika kusamala, pakuti pa 5 Ogasiti sitima za Angerezi zidali zitamiza kale sitima ya Ajeremani, Königin Luise, ku North Sea. Koma kufunika kwa zimene zidachitika ku Sphinxhaven sikudalira kuti ndani adayamba.

Nthawi imeneyo nyanja ndiyo idali msewu. Kuchokera ku Fort Johnston, komwe ndi Mangochi ya lero, kukafika ku Karonga wapansi udali ulendo wa masabata, pamene sitima inkatenga masiku owerengeka. Pangano la Heligoland-Zanzibar la mu 1890 lidapatsa Germany dziko la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja, motero maufumu awiriwa adali moyang'anizana. Hermann von Wissmann idayamba kuyenda mu 1893, itabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo ntchito yake yoyamba idali yolimbana ndi malonda a akapolo. Guendolen adailumikiza ku Fort Johnston mu 1899, n'kuipatsa dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain. Wolamulira nyanja ndiye akadatha kutumiza asilikali ndi chakudya kumalire mdani asadakonzeke. Ndiye chifukwa chake Angerezi adabwereranso ku Sphinxhaven mu Meyi 1915 kukaiwonongeratu sitima ya Ajeremani ija. Mfuti ya Hotchkiss yochokera pa Guendolen idaikidwa ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria.

Magazi enieni adakhetsedwa patangopita milungu inayi. Ajeremani adawoloka mtsinje wa Songwe kulinga ku Karonga, pamene gulu la King's African Rifles motsogozedwa ndi Kaputeni Barton lidali paulendo wokakumana nawo. Magulu awiriwa adaphonyana m'tchire. Pa 9 Sepitembala 1914 Ajeremani adazinga Karonga, kumene kudatsala asilikali ochepa, ndipo Barton atamva kulira kwa mfuti kumbuyo kwake adabwerera mwaliwiro. Kumenyana kudafika poipa pa Kasoa, Ajeremani n'kubwerera kwawo atataya anthu ndi mizinga. Ambiri mwa amene adagwa tsikulo, mbali zonse ziwiri, adali Aafirika ovala yunifolomu za mafumu amene sadawaonepo.

Zimenezi zidamuwawa M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, yofunsa chifukwa chimene amphawi opanda kanthu ankatumizidwira kukafera mkangano wa eni chuma ndi maudindo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma lidaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira, ndipo pa 3 Febuluwale iye adaphedwa. Madandaulo a thangata ndi msonkho adalipo kale, koma manda a ku Karonga ndiwo adathira mafuta pamoto.

Funso la Chilembwe lidakula m'zaka zotsatira. Mu 1916 Jenerale Edward Northey adayamba kulowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumalire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Kumeneko kudalibe njanji yoti n'kuwathandiza, misewu ya galimoto idali yochepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Chilichonse chotsika m'sitima pa gombe, kaya ufa, mpunga, mabokosi a zipolopolo, mahema kapena waya wa telegalafu, chinkayenda pamutu pa munthu. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 adalowa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya utengatenga, m'dziko limene anthu ake onse adangopitirira pang'ono 1 miliyoni.

Mtengatenga ankasenza katundu wa makilogalamu oposa 20, wopanda nsapato, nkhata yaudzu pamutu, kukwera mapiri ozizira a Livingstone ndi kansalu kamodzi. Ulendo ukatalika, gawo lalikulu la ufa umene adasenza linkathera m'mimba mwa osenzawo, choncho pankafunika anthu enanso osenzera osenza. Kamwazi, malungo, chibayo ndi njala zidapha ochuluka kuposa amene adaphedwa ndi zipolopolo. Kumidzi mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke. Amesenjala ankagwira anthu usiku, ndipo mwamuna akathawira kuphiri nthawi zina ankagwira mkazi wake kuti iye adzipereke yekha. Minda idatsala m'manja mwa amayi ndi okalamba. Pa zonse za nkhondoyi, apa ndi pamene mabuku a sukulu amadutsa mofulumira kwambiri, chonsecho ndi pamene padakhudza pafupifupi mudzi uliwonse.

Anthu adaitcha nkhondo ya Chiwaya, kutengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza ija, ndipo katswiri wa mbiri Melvin Page, amene adacheza ndi nkhalamba zambiri zimene zidaiona, adapatsa buku lake mutu womwewo.

Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, sadagwidwe. Mu Novembala 1917 adawoloka Ruvuma kulowa mu Mozambique, akudya ndi kutenga zida m'malinga a Apwitikizi, kenaka adakhotera kumpoto n'kulowa mu Northern Rhodesia. Ku Ulaya mfuti zidatonthola pa 11 Novembala 1918 iye akadali paulendo wa ku Kasama. Uthenga udam'peza pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala, ndipo adatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, Mbala ya lero ku Zambia.

Asilikali ndi atengatenga pobwerera kwawo adakumana ndi mliri wa fuluwenza, umene udayenda m'njira zomwezo za sitima ndi misasa mpaka kukafika m'midzi imene kudali kale njala. Amene adapulumuka adabwera ndi perete m'miyendo, ndipo magule monga malipenga a ku Karonga ndi Nkhata Bay, okhala ndi maudindo achisilikali, yunifolomu zoyera ndi malipenga a zikho, adafala m'zaka zimenezo. Dziko la Ajeremani tsidya la nyanja lidaperekedwa kwa Britain n'kutchedwa Tanganyika, ndipo ku Zomba boma lidamanga nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles, kumene atsogoleri a dziko amakaikabe nkhata za maluwa mwezi wa Novembala.