Midzi Yomira pansi pa Nyanja ya Kariba ku Siavonga

Anthu a ku Kafue akamakonza ulendo wokapumula ku Siavonga amawerengera mafuta, malo ogona ndi ndalama ya boti. Njira amaidziwa: kuwoloka mtsinje wa Kafue, kutenga msewu wa ku Chirundu, kutsika mapiri okhotakhota, kenako kupatukira kumanja kulowera kunyanja. Chimene ambiri saganizira ndi mbiri ya madziwo, chonsecho mbiriyo imakhudza Kafue mwini. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 atsogoleri a Northern Rhodesia ankafuna kuti damu la magetsi limangidwe pa Kafue Gorge, koma mu 1955 boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linasankha Kariba. Pofika 1959 khoma lotalika mamita 128 linali litatseka Zambezi, ndipo Siavonga inakulira m'mbali mwa nyanja yopangidwa ndi anthu imeneyi.

Amene analipira mtengo wake ndi Atonga a m'chigwa cha Gwembe. Anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse za mtsinje anasamutsidwa, kusiya minda yachonde ya m'mphepete mwa madzi ndi manda a makolo awo. Mu 1958 anthu a Mfumu Chipepo atakana kuchoka, apolisi anaombera ndi kupha amuna 8 pa Chisamu, ndipo ambiri anakatulidwa ku Lusitu, dera louma limene wapaulendo amadutsa asanafike ku Siavonga. Pamene dziko linkatama ntchito ya Operation Noah yopulumutsa nyama zakutchire, kulira kwa anthuwa sikunamveke kutali.

Ena anganene kuti zakale zinapita, ndipo damu linabweretsa magetsi kumigodi, ntchito m'mahotela ndi usodzi wa kapenta, amene anachokera ku nyanja ya Tanganyika cha m'ma 1960. Zimenezi n'zoona. Koma phindu likamapita kutali ndi amene anataya zawo, silifafaniza ngongole. Midzi yambiri ya osamutsidwa inakhala zaka makumi angapo mumdima, mawaya akudutsa pamwamba pake kupita kumatauni.

Ulendowo usalekeke ayi, koma mbiri ilowe m'dongosolo lake. Imani pa Lusitu, gulani kwa eni dera, kaoneni Ing'ombe Ilede, malo a malonda akale amene anapezeka mu 1960, ndipo auzeni ana anu kuti pansi pa madzi amene akuwasirira pali midzi ya Atonga.