Ulendo Uno Tsikani pa Liwonde

Chiyambire maphunziro anga ku Zomba, ndadutsa pa Liwonde kambirimbiri, moti zala sizingakwane kuwerenga. Minibasi imaima chapafupi ndi mlatho, ogulitsa n'kuthamangira pazenera ndi nsomba zokazinga, mazira owiritsa ndi madzi ozizira. Umagula, kondakitala n'kumenya chitseko, ulendo n'kupitirira. Ambirife Liwonde timamudziwa choncho, malo otentha a pakati pa kusukulu ndi kumudzi. Mayeso akatha, tikamapangana zokapuma, pakamwa pathu pamatuluka Mangochi kapena Mulanje basi.

Ndikufuna ndikunyengerereni, anzanga, kuti Lachisanu lina mudzatsike pa Liwonde n'kukhalapo mpaka Lamulungu. Koma ndondomeko ya ulendowu ndiyimanga pa mbiri, chifukwa khalidwe lomangodutsali sitinayambe ndife. Kwa zaka zoposa 150 malowa akhala njira ya chuma cha anthu ena: minyanga ya njovu, akapolo, katundu wa pa sitima, madzi opangira magetsi, malasha, ndipo lero alendo odzaona nyama. Zodutsa n'zambiri, zotsalira eni malo n'zochepa. Mlendo wa masiku awiri ayenera kusankha ngati akhale katundu winanso wongodutsa, kapena asiyepo kanthu.

Lachisanu madzulo: pa mlatho

Mukapeza pogona, yendani wapansi kupita pa mlatho dzuwa likamapendeka. Tsidya la kum'mawa, komwe kuli tawuni, ndi boma la Machinga, lomwe kale linkatchedwa Kasupe. Tsidya la kumadzulo ndi Balaka, yemwe anapatulidwa ku Machinga mu 1998. Pansi panu pakudutsa Shire, mtsinje umodzi wokha wotuluka m'nyanja ya Malawi.

Dzina la Liwonde ndi la mfumu. Chapakati pa zaka za m'ma 1800, Ayao a mtundu wa Amachinga anasamukira kuno kuchokera kumpoto kwa Mozambique, ndipo anapeza Amang'anja ndi Anyanja akulima ndi kusodza m'mbali mwa mtsinje. Mafumu monga Liwonde ndi Kawinga anakula mphamvu chifukwa cha malonda ndi amalonda a kugombe la nyanja ya mchere. Kupita kugombe kunkayenda minyanga ndi anthu ogwidwa ukapolo. Kubwera kuno kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. M'njira yomweyo munadzera Chisilamu, n'chifukwa chake lero mbandakucha pa Liwonde mumadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti.

Azungu nawo anauona mtsinjewu ngati msewu. David Livingstone anautsatira wapansi mu 1859 mpaka kukafika kunyanja mwezi wa September. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anamasula sitima yawo ya Ilala, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake pamutu kulambalala mathithi a Shire. Itamangidwanso kumtunda kwa mathithi, inadutsa pano kupita kunyanja. Pambuyo pake sitima za African Lakes Company zinkayenda m'madzi omwewa. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891, sanafune mfumu ina iliyonse ikhale ndi mphamvu pa mtsinje. Mu 1893 asilikali ake anamenyana ndi anthu a mfumu Liwonde, kenako anamanga linga lomwe linadzakhala boma la chigawo cha Upper Shire. Mabuku a atsamunda amati inali nkhondo yothetsa ukapolo, ndipo n'zoona kuti ukapolo unalipo ndipo unali woopsa. Koma inalinso nkhondo yolanda njira ya malonda ndi kukhazikitsa msonkho. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo wophunzira mbiri sayenera kutaya chimodzi kuti chinacho chikome.

Chomwe chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti mtsinje waukuluwu unasiyapo kuyenda. Madzi a m'nyanja atatsika kwambiri, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire wakumtunda anatsekeka ndi mchenga ndi zomera, ndipo maulendo a sitima anatheratu. Phunziro limenelo ndi limene linabala Kamuzu Barrage, zitseko zoyendetsera madzi zomwe mwaimapozi, zomwe zinayamba kugwira ntchito mu 1965. Chaka chotsatira, mu 1966, makina a magetsi a ku Nkula anayamba kuzungulira kumunsi kwa mtsinje, ndipo kenako kunabwera Tedzani ndi Kapichira. Kuchuluka kwa madzi opita kumakina onsewa kumayesedwa pompano. Mukaona namasupuni ndi udzu zitaunjikana pa chotchinga cha pamadzi kumtunda kwa mlatho, dziwani kuti akuzitchingira kuti zisakatseke makinawo. Babu lomwe timawerengera usiku kuhositelo lili pa ubale ndi malo ano.

Chapafupi pali mlatho wa njanji. Njanji yochokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970 kuti dziko lino lifike ku doko la Nacala. Panali chiyembekezo chakuti Liwonde adzakhala tawuni ya mafakitale, pokumanira msewu, njanji ndi mtsinje. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njirayo m'zaka za m'ma 1980, ndipo maloto aja anazilala. Lero njanji inakonzedwanso, ndipo mukadikira mudzaona sitima yaitali ya malasha ochokera ku Moatize ikupita ku Nacala. Werengani mabogi ake ngati mungathe, kenako mudzifunse kuti mwa chuma chonsecho chatsala pa Liwonde n'chiyani.

Loweruka m'mawa: kupaki

Chipata cha kumwera cha Liwonde National Park chili makilomita ochepa kuchokera m'tawuni, ndipo mtengo wolowera wa Amalawi ndi wotsika poyerekeza ndi wa alendo akunja. Tengani chitupa chanu cha unzika. Mukakhala gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, sonkherani galimoto imodzi kapena boti limodzi. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, sankhani boti: mvuu, ng'ona, nkhwazi ndi njovu zobwera kudzamwa mumazionera pafupi. Wofuna kuyenda wapansi, monga cha ku phiri la Chinguni, ayende ndi mlonda wa paki. Muno si muja timakwerera phiri la Zomba tokha ndi botolo la madzi.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 548. Isanakhale paki, munali midzi, minda ndi madooko a asodzi. Anthu anasamutsidwa n'kukakhala m'mphepete, ndipo mpaka lero midzi yozungulira paki ndi yothithikana. Zaka zotsatira zinali za mkangano: anthu ankalowa kukatchera misampha yawaya, kusodza ndi kutola nkhuni, njovu nazo zinkatuluka kukadya chimanga ndi kupha anthu. Mikango ndi zilombo zina zinatheratu.

Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa pakiyi. Anamanga mpanda wamagetsi ndi kuchotsa misampha masauzande ambiri. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Akakwiyo anabwezeretsedwa mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu mu 2021. Imeneyi ndi ntchito yaikulu, ndipo ndi yoyenera kuinyadira. Komabe nkhani siinathere pamenepo. Mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo anthu okhala m'malire a paki ya kumeneko, kuno ndi ku Zambia komwe, akhala akudandaula za minda yoonongeka ndi abale awo ophedwa ndi njovu. Mukamajambula njovu pa boti, kumbukirani kuti kwa mayi wolima kuseri kwa mpanda, njovu yomweyo ndi njala ya chaka chonse. Funsani wokutsogolerani kuti kwawo n'kuti, ndipo makolo ake ankakhala mbali iti ya mpanda. Mwina yankho lake ndi limene mungadzalikumbukire kuposa zithunzi.

Loweruka masana: nsima ndi nsomba

Bwererani m'tawuni mukadye kumsika kapena m'malesitilanti ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu. Nsima ya chambo kapena mlamba, mpunga wa nyama yambuzi, tchipisi cha pachiwaya, ndi madzi a malambe, pakuti milambe kuno ndi yosasowa. Nyama yambiri imakhala yozingidwa mwa Chisilamu, choncho gulu lonse likhoza kudya mbale imodzi. Mukapereka moni wa Chiyao, "Ali uli?", mudzaona nkhope ya wogulitsa ikumasuka.

Mbale imeneyi nayonso ili ndi mbiri. Mpunga wambiri wa m'dera lino umachokera m'madambo a nyanja ya Chilwa ndi ku sikimu ya Domasi, yomwe inamangidwa m'nthawi ya Kamuzu ndi thandizo la akatswiri a ku Taiwan. Nsomba zina zimachokera ku nyanja ya Malombe, kumtunda kwa paki, komwe Shire amatambasuka asanafike kuno. Malombe anali nkhokwe ya chambo, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitachepa kwambiri chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi ndi makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo m'malo mwake munatsala kambuzi. N'chifukwa chake chambo cha pa Liwonde lero n'chodula. Wogula naye ali ndi mbali yake: musagule kasawala, ana a chambo omwe sanaswepo, ndipo wina akakunong'onezani za nyama yam'tchire, kanani.

Lamulungu m'mawa: Chikala ndi osema

Lawirirani dzuwa lisanakwiye. Kum'mwera chakum'mawa kwa tawuni kuli mapiri a Chikala, komwe kunali linga la mfumu Kawinga. Asilikali a Johnston analephera kumugonjetsa mu 1891, ndipo anadzalanda phirilo mu 1895. M'tsinde mwa mapiri omwewa muli zipilala za Malape, makoma ndi nsanamira zadothi zomwe madzi a mvula akhala akusema kwa zaka zosawerengeka. Pitani ndi kabaza wanjinga yamoto, ndipo mukafika pezani munthu wa m'mudzimo akutsogolereni, mumulipire bwino. Valani nsapato zotseka, tengani madzi okwanira. Miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira May mpaka August. October ndi November nyama zimaoneka zambiri kumtsinje, koma kutentha kwake n'kosasewera nako. Neti ya udzudzu ndi ya chaka chonse.

Pamsewu wa pakati pa Liwonde ndi Zomba mudzaona timisasa ta osema ziboliboli. Chodziwika kwambiri ndi mipando ya mafumu, ija ya matabwa awiri olowetsana, yosemedwa njovu, milambe ndi anthu a kumudzi kumsana kwake. Mipando imeneyi yakwera ndege kupita m'nyumba za ku Ulaya, koma ndi Amalawi angati amene anaimapo n'kufunsa dzina la wosema? Luso limeneli linakula chifukwa cha alendo odutsa pamsewu, ndipo alendo akachepa limafota. Mitengo yosemera monga mlombwa, mbawa ndi phingo nayo ikusowa, ndipo matumba a makala omwe mumawaona m'mbali mwa msewu womwewo akukuuzani komwe nkhalango ikupita. Thumba la wophunzira silingakwanitse mpando, koma chipande, mphete ya makiyi kapena kambale kakang'ono n'zotheka. Nenererani mtengo mwaulemu. Kumbukirani kuti munthuyo wakhala masiku akusema chomwe inu mukufuna kuchitenga pa mtengo wa bandulo ya intaneti.

Lamulungu masana: Balaka

Ngati nthawi ilipo, wolokani mlatho mupite ku Balaka, ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi. Tawuniyi inapatsa dziko lino zinthu ziwiri zomwe m'badwo wathu umazidya osadziwa kochokera. Choyamba ndi nyimbo. Alleluya Band inayambira pa parishi ya Katolika ya Balaka mu 1978, ndipo m'menemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, yemwe anatisiya pa 30 June 2024. Kamvekedwe kawo kanafala mpaka anthu anangokatcha kuti nyimbo za ku Balaka. Chachiwiri ndi pepala. Kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, inasindikizidwa pa makina a amishoni a Montfort ku Balaka, ndipo posakhalitsa malowo anatenthedwa ndi otsatira boma la nthawiyo. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 June 1993, Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Ufulu womwe ndikulembera nkhani ino popanda kuyang'ana kumbuyo unadutsa m'makina a m'tawuni yafumbi imeneyi.

Wina anganene kuti ophunzira alibe ndalama zoyendera, ndipo kuona malo ndi za azungu ndi mabwana. Ndikumva, pakuti inenso ndimadikira alawansi ngati mvula yoyamba. Koma tawerengerani zomwe zimapita pa Loweruka limodzi la zakumwa ndi zovina, kenako muyerekeze ndi minibasi ya makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Zomba, chipinda chogawana anthu atatu ku resitihausi, ndi boti losonkherana. Komanso tikapitiriza kunena kuti mapaki ndi a alendo akunja, tisadzadabwe akamakonzedwa poganizira alendowo okha. Ife amene mawa tidzakhale m'maofesi oona za malo, zamagetsi, za nkhalango ndi zokopa alendo, tiyenera kukhala titaimapo pa mlatho uja, titamvapo dandaulo la mlimi wa kuseri kwa mpanda, titagwirapo chanza cha wosema.

Ulendo wotsatira kondakitala akadzafunsa ngati alipo wotsika pa Liwonde, mudzayankhe. Ndalama yanu mudzaisiye kwa mayi wa nsomba, kwa wakabaza, kwa wotsogolera alendo wa m'mudzi ndi kwa wosema, ndipo mudzafunse aliyense wa iwo dzina lake.