Buku ndi Macheka: Chiyambi cha Sukulu za Sekondale m'Nyasaland

M'chaka cha 1894, Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun pa phiri la Khondowe, ku Livingstonia. Mnyamata wolowa pasukuluyo ankagwira buku m'kalasi, nagwiranso macheka kapena njerwa kunja. Ena anaphunzira uphunzitsi, ena ubusa, ena kusindikiza mabuku, kusunga mabuku a ndalama ndi kutumiza mauthenga pa waya. Laws ankafunitsitsa kuti sukuluyo idzakule kufikira kukhala koleji yeniyeni, koma pamene anapuma ntchito mu 1927 cholingacho chinali chisanatheke.

Vuto linaonekera msanga. Sukulu inatulutsa akalaliki ndi amisiri aluso, koma dziko lolima fodya, thonje ndi tiyi linalibe ntchito zowakwanira, ndipo malipiro ake anali ochepa. Chotero ambiri anamanga katundu kunka ku Halale ndi ku Joni. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie, amene anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, koma mbiri yake inamveka ku Cape Town, kumene anayambitsa bungwe la antchito la ICU mu 1919. Nyasaland anafesa, eni migodi ndi masitolo a kum'mwera nakolola.

Boma silinafulumire. Nthumwi za Phelps-Stokes, zimene zinayendera dziko lino mu 1924, zinalimbikitsa maphunziro a ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja, oyenera moyo wa kumudzi. Uphunguwo sunali woipa pa wokha; kuipa kwake kunali kwakuti unapatsa Atsamunda chifukwa chochedwetsera maphunziro apamwamba, ndipo Aafirika ophunzira anazindikira zimenezi. Sukulu yoyamba ya sekondale inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya Boma ku Dedza inadza mu 1951.

M'sukulu zimenezi buku linapambana macheka. Chimene makolo ndi ana anaikapo mtima chinali mayeso a Cambridge, pakuti setifiketi yake ndiyo inkatsegula khomo la ofesi ya Boma, ndiponso la Makerere ku Uganda kapena Fort Hare ku South Africa. Ndani akanadzudzula kholo limene linaona kalaliki akulemekezedwa kuposa mmisiri? Koma opita ku makoleji akunjawo anali owerengeka, ndipo mwana wokhoza bwino anayenera kudikira mpaka 1965, pamene Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri, kuti apeze digiri osaoloka malire.